Amakumbukira Ndani, Madzi Kapena Khwawa?

Madzi saiwala khwawa. Mawu ndi atatu okha, ndipo ambirife tinayamba kuwamva akunenedwa za anthu. Mayi amene ukwati wake unatha zaka zisanu zapitazo akaoneka m'mamawa akusesa pabwalo la mwamuna yemwe uja, anzake kumjigo amangotsinana n'kutchula mawuwa. Mnyamata wotuluka kundende chaka chatha akagwidwanso ndi mbuzi ya eni, mawu ndi omwewa, koma tsopano akuluma. Wina akatha zaka 20 ku Joni n'kubwera kudzaumba njerwa pabwinja la agogo ake, timanenanso chimodzimodzi uku tikumwetulira. Mwambi umodzi ukutha kuseka, kudzudzula ndi kuyamikira osasintha ngakhale lembo limodzi. Ndipo poti tinauzolowera pa anthu, madzi amene ali m'mwambimo tinasiya kuwaona.

Ine ndinaumva ukunenedwa za madzi enieni kamodzi kokha, ku Nkope, nditaima m'matope ofika mu akakolo, ndikuyang'ana khoma langa la matabwa litagwada.

Amalume anga amakhala kumunsi kwa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, pamalo otsetsereka pang'ono kulozera kunyanja. Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba ka mpiru, tomato ndi therere. Dzinja lililonse manyowa a mbuzi amene ankathira m'chilimwe ankakokoloka pamodzi ndi dothi lapamwamba, n'kutsala mchenga ndi nsangalabwi. Nditapita kukacheza mu Okutobala ndinati vuto limeneli ndi la masiku atatu. Ndinagula mapolo a bulugama ndi matabwa a paini, ndinazika mapolowo kumunsi kwa dimba, n'kukhomera matabwa mpaka m'chiuno. Ndinawathinanitsa ngati chitseko, moti ngakhale mpeni sukanalowa pakati, ndipo chimenechi ndicho ndinkanyadira. Pakati pa dimbalo pankadutsa kamzere kolowa pansi pang'ono, kouma gwa, komera chisoso. Ndinakakwirira ndi dothi n'kusalaza ndi khasu mpaka osaonekanso. Amalume anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Sananene kanthu, anangofunsa kuti misomali ndagula ndalama zingati.

Mu Januwale anandiimbira foni kuti ndibwere ndidzaone ndekha. Inali mvula ya usiku umodzi. Khomalo silinagwe lonse. Kumapeto kwake konse kuwiri linali chiimire, koma pakati, ndendende pamene panali kamzere kaja, mapolo awiri anali atazuka, matabwa atakanuka misomali ili pamtunda, ndipo kamzere kamene ndinakwirira kanali katabwerera, kozama kuposa kale. Amalume anayang'ana, n'kunena kuti, "Mphwanga, madzi saiwala khwawa." Basi, anabwerera ku ukonde wawo.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuwatembenuza mawuwa ngati nsomba pa waya, ndipo ndaona kuti m'mawu atatuwa mwapanikizana zinthu zambiri kuposa mmene matabwa anga anapanikizirana.

Liwu loyamba ndi madzi. Amene anapeka mwambiwu akanatha kunena mvula, mtsinje kapena chigumula, koma anasankha liwu lopanda dzina, lopanda kochokera. Mvula ili ndi nyengo yake ndipo timaidikira. Mtsinje uli ndi dzina, uli ndi mlatho, ana amaudziwa powolokera. Madzi alibe zonsezi. Ndi omwewo timamwa, ndi omwewo amagwetsa nyumba. Komanso taonani mmene liwuli limakhalira m'chiyankhulo chathu. Mayina anzake ambiri oyamba ndi ma- ali ndi umodzi wake: thabwa matabwa, khasu makasu, khwawa makwawa. Madzi alibe. Ukafuna amodzi uyenera kubwereka liwu lina, dontho, koma dontho silinagwetsepo khoma la munthu. Choncho m'mwambiwu mbali imodzi kuli chinthu chosawerengeka, mbali inayo kuli khwawa limodzi lokha, osati makwawa. Zochuluka zonsezo zikulunjika pamalo amodzi. Mmisiri aliyense wa zomangamanga angakuuzeni kuti ngoziyo yagona pomwepo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mvula ya mamilimita 50, yoti kunyanja kuno imatha kugwa usiku umodzi, ikagwera pamalo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, ndiye kuti patsika malita 5,000. Ndi zigubu 250 za malita 20, matani asanu. Onjezerani ochokera padenga la malata, ochokera mumsewu, ochokera kuphiri. Akanati amwazikane m'litali monse mwa khoma, mwina likanapirira. Koma samwazikana. Amasonkhana pamene pali potsika, ndipo potsikapo ndi pamene ine ndinaimika mapolo awiri a bulugama.

Liwu lachiwiri, saiwala, ndilo mtima wa mwambi, ndipo ndi pamene ndimachedwa.

Choyamba, mneniyu alibe nthawi. Sakunena kuti sanaiwale, zomwe zikanakhala nkhani ya chaka chatha. Sakunena kuti sadzaiwala, lomwe likanakhala chenjezo la chaka chamawa. Kaphatikizo ka sa- kakungomamatira ku tsinde la mneni popanda chilichonse pakati, monga timanenera kuti mbuzi sidya nyama. Ndi khalidwe, si chochitika. Munthu sungachite nalo makani poloza chaka chimene mvula inavuta, chifukwa mwambi sunatchule chaka.

Chachiwiri, n'chifukwa chiyani akukana? Bwanji osangoti madzi amakumbukira khwawa? Ena angati n'chimodzimodzi, koma ayi. Kukumbukira ndi ntchito. Umakumbukira chinthu chimene chinakutayika kwa kanthawi, umakanda m'mutu, kenaka chimabwera. Kusaiwala kulibe thukuta, chinthucho sichinachokepo. Koma chachikulu n'chakuti mawu okana amakhala yankho. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kulengeza kuti galu sauluka, chifukwa palibe amene anaganizapo kuti amauluka. Ukamva munthu akuti saiwala, dziwa kuti pali wina amene amayesa kuti aiwala. M'mwambiwu muli munthu wobisika amene sanatchulidwe, ndipo munthuyo ndi amene akuyankhidwa. Ndi ine wa mu Okutobala uja, khasu lili m'manja. Oiwala ndife. Kuno mvula imasiya mu Epulo, n'kudzabweranso chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Miyezi isanu ndi iwiri khwawa limakhala louma. Ana amaseweramo, mbuzi zimadutsamo, wina amayamba kutayamo zinyalala, wina amaumbamo njerwa, ndipo zikapita zaka zingapo za mvula yochepa wina amamangamo. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atakhuthula mvula ya masiku angapo paphiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsikira ku Chilobwe n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Sindikufuna kugwiritsa mwambi ngati ndodo pa anthu olira, pakuti ambiri amene amamanga m'malo otero ndi amene alibe kwina kokamanga. Ndikungoti sa- ameneyu nthawi zina amayankha mochedwa ndiponso mwankhanza.

Chachitatu, kuiwala ndi ntchito ya mutu, ndipo madzi alibe mutu. Apa mwambi wawapatsa madzi umunthu, zimene miyambi yathu imachita kawirikawiri: mvula ikakuona litsiro sikata, ngati mvula ili ndi maso. Ndidzabwererako ku mfundoyi, chifukwa ndikuganiza kuti mwambi wapereka mneniyu kwa mwininkhani wolakwika, ndipo mwina mwadala.

Liwu lachitatu ndi khwawa. Si mtsinje, chifukwa mtsinje umadziwika ndi madzi amene alimo. Si ngalande, chifukwa ngalande amakumba ndi munthu, ali ndi chingwe ndi fosholo. Khwawa ndi malo amene amadziwika ndi chinthu chomwe nthawi zambiri kulibe. Ukaliona mu Seputembala ndi dzenje lalitali chabe la mchenga ndi miyala yosalala. Mwini wake ali paulendo. Ndipo onani kuti mwambi sukunena kuti khwawa lake. Liwu laumwini palibe, chifukwa silikufunika: anakumba khwawa ndi madzi omwewo. Dontho loyamba linapeza potsika pang'ono n'kunyamula kamchenga, potsikapo panazama, chaka chotsatira madzi ambiri anadzera pomwepo poti pazama, ndipo pozama panazamabe. Madzi amapanga khwawa, khwawa limaitana madzi. Mawu oyamba ndi omaliza a mwambiwu akuberekana, ndipo mneni uja wangokhala pakati ngati nkhoswe.

Tamveraninso mmene mwambiwu umalirira mkamwa. Maphatikizo ndi asanu ndi atatu, ogawika awiri, anayi, awiri: ma-dzi, sa-i-wa-la, khwa-wa. Mbali ziwiri zofanana kulemera, pakati pataliko. Malembo a liwu ndi awiri okha m'mwambi wonse. Poyamba amasinthana, a-i, a-i, ngati madzi akusakasaka podzera pakati pa miyala, kenaka i amatheratu, n'kutsala a, a, a, a, pakamwa pali chotsegula mpaka kumapeto. Wa wa mu saiwala akubweranso kawiri mu khwawa. Sindikunena kuti agogo amene anayamba kuunena anakhala pansi n'kuwerenga maphatikizo. Ndikunena kuti mwa miyambi yambiri imene inanenedwapo, imene imatsala ndi imene imatsetsereka bwino palilime, ndipo uwu unadzikumbira khwawa lake mkamwa mwathu. Palinso kanthu kena kamene khutu limamva mwini wake asanazindikire: khwawa ndi kwawo n'zoyandikana kwambiri, zangosiyana kampweya ka h ndi lembo lomaliza. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake mwambiwu umathamangira msanga kwa munthu wobwerera kumudzi. Umati khwawa, womvera amamva kwawo.

Tsopano funso limene linandisowetsa tulo ndili pamphasa kwa amalume usiku wa tsiku lija. Madzi amene anagwetsa khoma langa anali asanafikepo ku Nkope. A chaka chathacho anali atapita kale, ena m'nyanja, ena mumtsinje wa Shire kulowera ku Zambezi, ena m'mitambo. Amene anagwa usiku umenewo anali alendo, obwera ndi mphepo. Mlendo angaiwale bwanji, kapena kusaiwala, njira imene sanayendepo? Yankho ndi lakuti chikumbukiro sichili m'madzi. Chili m'nthaka. Dothi limene ndinathira m'kamzere kaja linali lofewa, pansi pake pali chigwa cholimba cha kalekale, ndipo kumtunda kwa dimba, kunja kwa mpanda, malo onse anali opendekerabe kulozera pomwepo. Ine ndinafufuta mamita ochepa okha a nkhani imene inalembedwa kuyambira kuphiri. Wosaiwala ndi khwawa. Madzi amangowerenga zimene apeza zitalembedwa.

Ndiye kodi mwambi walakwa? Ndimaona ngati wachenjera. Ukanati khwawa siliiwala madzi, ukanakhala woona ndithu koma wosaopsa, pakuti ndani amaopa dzenje louma? Wapereka nzeru kwa chimene chimayenda, chimene chimabwera usiku, kuti womvera achite mantha oyenera. Koma amene wagwira nyundo ndi sowo ayenera kuutembenuza, chifukwa madzi sungawaphunzitse kanthu, pamene nthaka ungathe kuikonza.

Anthu a kumwera kwa nyanja ya Malawi ali ndi umboni waukulu kuposa kadimba ka amalume. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inatsika kwambiri, moti kuyambira 1915 inaleka kuthira madzi mu Shire. Mchenga ndi bango zinatseka njira, nyanja ya Malombe inaphwa mpaka anthu kulima mmene munkadutsa sitima zapamadzi. Zinakhala choncho zaka 20. Mwana wobadwa chaka chimene mtsinje unaima anafika pokwatira asanauone ukutuluka m'nyanja, ndipo kwa iyeyo minda ya m'chigwamo inali minda basi. Mu 1935 nyanja itakweranso, madzi anapyola mchenga uja n'kutsata njira yomweyo yakale, kudutsa pa Mangochi, Malombe, Liwonde. Mu 1965 anamanga zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti aziwongolera kuchuluka kwa madzi opita kumakina a magetsi kumunsi, koma ngakhale zitsekozo sizinasinthe njira, zimangotsegula ndi kutseka pakhomo pamene madzi anasankha okha. Mu 1980 nyanja inakwera kufika pafupifupi mamita 477 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere. Kenaka inabwerera, ndipo kwa zaka zoposa 40 mchenga umene inasiya unaoneka ngati malo opanda mwini. Panamangidwa nyumba, mipanda, malo ogona alendo, timisasa tomwera mowa. Mu 2024 inapitiriranso mamita 476, ndipo m'gombe la Mangochi madzi analowa m'zipinda, mitengo ya mthunzi inaima m'nyanja. Ena ankaloza chala zitseko za ku Liwonde kuti zikusunga madzi mopitirira. Mkangano umenewo ndi wa akatswiri ndi eni malo. Chimene ndinaona ine n'chakuti akuluakulu a m'midzi ya m'gombe sankadabwa kwenikweni, ankatha kukulozera pamene madzi anafika kale. Apa liwu loti khwawa latambasuka, silikutanthauzanso mzere wotsika phiri koma malire akale a nyanja, ndipo mwambi ukugwirabe.

Pansi pa Nkope penipeni palinso kalata ina yolembedwa ndi dothi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anakumba m'gombe la Nkope n'kupeza mapale a miphika ya anthu oyamba kusula chitsulo m'dera lino, a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Lipoti lake linatuluka mu 1970, ndipo mpaka lero miphika ya mtundu umenewo, kulikonse kumene yapezeka, imatchedwa ndi dzina la Nkope. Chimene chimandikhudza pa nkhani ya khoma langa ndi funso lachibwana: anaikwirira ndani miphikayo? Palibe. Dothi ndi mchenga zinangobwera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, zina kutsika kumtunda, zina kutayidwa ndi nyanja, mibadwo ina n'kudzakhala pamwamba pake. Phiri lakhala likusamukira kunyanja kuyambira kale kwambiri, ndipo ine ndinkafuna kuliimitsa ndi matabwa a paini ndi misomali ya mainchesi anayi.

Komabe ndili ndi mlandu ndi mwambiwu, kapena ndi mmene timaugwiritsira ntchito. Umatha kusanduka pilo wa munthu waulesi. Chigwembe chikudya munda, mwini wake wakhala pakhonde akuti madzi saiwala khwawa, ngati kuti mwambi unamuuza kuti apinde manja. Sunatero. Unangonena kumene madzi adzadzere, sunanene liwiro lake, kapena kuti adzanyamula dothi lochuluka bwanji. Zimenezo zili m'manja mwa munthu. Mbali inayo kuli kulakwitsa kwa anthu ngati ine, oganiza kuti madzi ungawalamule. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loteteza nthaka ndi zachilengedwe mu 1946, ndipo m'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anabwera mu 1948, alangizi anasanduka apolisi a m'munda. Wosapanga mizere yopingasa kapena migula ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Liwu loti malimidwe linasanduka lonyansa, ku chigwa cha Shire anthu ankanena za nkhondo ya mitumbira, ndipo mkwiyo umenewo unathandiza kusonkhezera moto wofuna ufulu. Si kuti mizere yopingasa inali yoipa, lero tonse timalima choncho. Koma mgula wokumbidwa mwamantha ndi munthu amene sanafunsidwe kumene madzi a m'munda mwake amadzera umasunga madzi mpaka kuphulika pamalo amodzi, n'kusiya chigwembe choposa chimene chinalipo. Khoma langa linali mgula wotero, ndipo bwanamkubwa wake ndinali ine ndemwe.

Nanga za anthu zija? Ngati wosaiwala ndi khwawa, ndiye kuti pamene tikunena mwambiwu za mnyamata wa mbuzi uja, chala chathu chikuloza theka la nkhani. Watuluka kundende n'kubwerera kumudzi womwewo, kwa anzake omwewo, ntchito palibe monga kale, ndipo aliyense akumuyang'ana ngati wakuba asanabe. Malo onse apendekera kumodzi, kenaka timadabwa kuti watsetserekera komweko. Sindikumuchotsera mlandu, munthu si madzi, ali ndi miyendo yotha kukwera chitunda. Koma amene timatchula mwambiwu mokondwa tikanamadzifunsako kuti khwawalo akulisamala ndani.

Khoma lachiwiri tinamanga mu Ogasiti, mwera ukuwomba, ndipo ulendo uno amalume anasiya ukonde. Chinthu choyamba anakana kutalika. M'malo mwa khoma limodzi lofika m'chiuno tinamanga awiri ofika m'mawondo, lina kumtunda lina kumunsi, dimba n'kukhala ngati masitepe awiri. Iwo anangoti lalitali limatopa msanga. Masamu amagwirizana nawo: khoma likatalika kawiri, mphamvu ya dothi lolikankha imachuluka kanayi, ndipo dothi likakhuta madzi amene alibe kotulukira limakankha koposa pamenepo. Mapolo tinawazika motalikirana mita imodzi, gawo lolowa pansi lofanana ndi lotsala pamtunda, titawawula kumatako pamoto kuti asawole msanga. Mnyamata wina wothandiza anati tipake oilo wakutha wa galimoto monga amachitira pamipanda, amalume anakana, akuti mpiru wawo sadyera oilo. Mapolowo sitinawaimike chilili, tinawapendeketsa pang'ono kulozera kumtunda, ngati munthu wokankha ngolo, n'kutsendera miyala ndi dothi m'dzenje pang'onopang'ono ndi mtengo.

Kenaka kanthu kamene kanandichititsa manyazi. Poyamba paja matabwa ndinawakhomera kunja kwa mapolo, mbali yoonekera, kuti khoma likongole. Ndiye kuti dothi likamakankha, katundu yense ankasenzedwa ndi misomali, ndipo msomali umazuka. Amalume anawaika mbali ya kumtunda, kuti dothi likamakankha thabwa lizilikanikizira papolo. Msomali ntchito yake n'kungoligwira kuti lisagwe tisanathire dothi. Pakati pa thabwa ndi thabwa tinasiya mpata wolowa chala. Kuseri kwa matabwa sitinathire dothi mwachindunji: tinayamba ndi miyala ing'onoing'ono imene ana anatola, mulifupi mwake ngati chikhatho ndi theka, kenaka masaka akutha kuti dothi lisatseke mipata ya miyalayo, kenaka dothi ndi manyowa. Madzi olowa pansi akafika pamiyala amatsika n'kutuluka m'mipata ija ali oyera, dothi n'kutsala.

Pa kakhwawa kaja sitinamangepo. Makoma onse awiri tinawadula pakati n'kusiya khomo lotakata ngati phazi limodzi lalikulu, pansi pake titayala miyala yaphanthiphanthi, ndipo kumunsi kwa khomo lililonse tinaunjika miyala ikuluikulu kuti madzi akagwa agwere pamwala, asakumbe. M'khwawa momwemo, kumtunda kwa mpanda, tinakhoma zichiri za nsungwi m'mizere itatu yopingasa n'kulukira nthambi, zonga zimene alangizi amaphunzitsa potseka zigwembe. Sizitseka madzi, zimangowapunthwitsa kuti afike padimba atatopa, atasiya mchenga m'mbuyo. Ndinafunsa ngati sitikuwononga malo oti pakanamera tomato. Amalume anati, "Mphwanga, mlendo wobwera chaka chilichonse umamusiyira pogona. Ukapanda kutero amagona pakama pako."

Nkhani ya mtengo tinakambirana nthawi yaitali. Aliyense kuno amadziwa kuti tsanya chiswe chimaulephera, ndipo polo la tsanya likhoza kukhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Koma mitengo yachilengedwe yotere ndi imene ikutha ndi makala ndi nkhuni zowambira nsomba, ndipo mapiri akayera, monga zikuchitikira m'mbali zina za nkhalango ya Phirilongwe, madzi otsika amachuluka ndi kuthamanga. Kudula tsanya kumtunda kuti utchinge madzi kumunsi n'kukulitsa khwawa lomwe ukulimbana nalo. Tinakhalabe pa bulugama, tikudziwa kuti masiku ake ndi owerengeka. N'chifukwa chake mvula yoyamba itagwa amalume anabzala vetiva kutsata khoma lililonse, mbali ya kumtunda, mapesi motalikirana ngati chikhatho. Mizu ya udzu umenewu imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, ndipo mapesi akakumana amapanga mpanda wosefa dothi. Matabwa ndi ongogwirizira malo kufikira udzu utakula. Akadzawola, sitepe lija lidzakhala litaima palokha.

Mu Febuluwale wotsatira ndinali konko usiku wina mvula yamphamvu itayamba cha m'ma 11 koloko. Ndinatuluka ndi tochi ya pafoni, thumba la pulasitiki kumutu. Madzi ankatsika m'kakhwawa kaja ali ofiira, n'kuima pang'ono pa zichiri za nsungwi, n'kudumpha, n'kulowa pakhomo loyamba, kugwera pamiyala, kudutsa pakati pa mabedi a mpiru, kulowa pakhomo lachiwiri, n'kupita kunyanja. M'mipata ya matabwa munkatuluka timadzi toyera ngati thukuta. Amalume sanadzuke n'komwe.

M'mawa anayendera khoma lonse ndi ndodo yawo, akugogoda polo lililonse n'kumvetsera. Pa lachinayi kuchokera kumpanda anaima, anawerama, n'kukanda ndi chikhadabo kamzere ka dothi lofiira kamene kanakwera kuchokera pansi. Tizilombo toyera tinabalalika. Anandiyang'ana n'kuti ndikapite kukatenga phulusa kukhitchini, ndipo pobwera ndichotse masamba a mango amene atsakamira pakhomo la madzi lakumtunda, chifukwa kumpoto kwadanso.